Kilimanjaro anandibweza pa mamita 5,200, ndalama ndinathera pa jekete koma ndinaumira pa masiku

Maganizo okwera Kilimanjaro anabwera ndi mlamu wanga. Iyeyu ndi munthu woti akaganiza chinthu lero mawa wayamba kale kufunsa mitengo, nde tsiku lina anangonditumizira pa WhatsApp chithunzi cha chikwangwani chija cha pa Uhuru Peak, pamwamba penipeni pa phirili, mamita 5,895, pansi pake n'kulemba kuti "alamu, chaka chino tikaima apa." Ndinaseka koma mumtima ndinali nditavomera kale. Nthawi imeneyo ndinkathamanga katatu pa sabata, mpira ndinkamenyanso, moti ndinkadziona kuti phiri loti anthu amangoyenda ndi miyendo popanda zingwe silingandivute ine. Kudzimva kumeneku ndi komwe kunandipweteka kuposa china chilichonse.

Poyamba penipeni tinalakwitsa posankha njira. Phirili lili mu Kilimanjaro National Park, yomwe imayang'aniridwa ndi TANAPA, bungwe loyang'anira mapaki ku Tanzania, ndipo lamulo lake ndi loti sungakwere wekha, umayenera kudzera ku kampani yovomerezeka yomwe imakupatsa gaidi, wophika ndi anyamata onyamula katundu. Ndalama za paki amawerengera pa tsiku, komanso pa usiku uliwonse womwe wagona m'phirimo, nde masiku akamachuluka mtengo nawonso ukukwera. Njira zilipo zingapo, Marangu, Machame, Lemosho, Rongai yomwe imayambira kumpoto chakumalire ndi Kenya, Umbwe yomwe ndi chitunda chokhachokha, ndi ina yaitali yozungulira kumpoto ija ya masiku 9. Ife tinangoyang'ana zinthu ziwiri basi, yotchipa ndi iti, yosavuta ndi iti. Yankho linali Marangu ya masiku 5. Amaitchula kuti Coca-Cola route pomwe Machame amati Whiskey route, ndipo ndi njira yokhayo yomwe umagona m'tinyumba ta matabwa osati mu tenti. Titamva zimenezo tinati basi yathu ndi imeneyi.

Mayi wa ku kampani ija anatifunsa kawiri konse ngati sitikufuna kuwonjezera tsiku limodzi lokhala pa Horombo, malo ogona achiwiri pa njirayi, kuti thupi lizolowere kumtunda. Ine ndi amene ndinayankha, ndinati ayi tili bwino ife timapanga ma exercise. Mlamu anandiyang'ana n'kunena kuti "alamu, tsiku limodzi lokha bwanji?" ine ndinati amenewa akungofuna atidyere. Ndalama yomwe ndinapulumutsa pamenepo inali yochepa kuyerekeza ndi yomwe ndinakataya pogula zinthu sabata yotsatira.

Zogulazo nde zinali zomvetsa chisoni. Mabuti ndinagula kutatsala masiku 6 kuti tinyamuke, atsopano, olimba gwa, saizi yeniyeni ya phazi langa ngati nsapato ya ku ofesi, ndinawayesa nditavala sokosi yopyapyala n'kuyenda nawo m'nyumba kawiri basi. Jekete ndinagula limodzi lalikulu lolemera lodula kwambiri, ndikuganiza kuti nkhani ya kuzizira yathera pomwepo. Mkati mwake ndinkadalira ma T-shirt a thonje ndi jinzi. Chikwama ndinatenga chachikulu cha malita 70, osadziwa kuti katundu wako wamkulu amanyamula ndi anyamata aja, ndipo amafuna chikwama chofewa cha duffel chosapitirira makilo 15, iwe umangobereka kachikwama ka malita 25 kapena 30 koikamo madzi, chovala cha mvula ndi tinthu tapanjira. Sleeping bag ndinagula chifukwa choti pa thumba lake panalembedwa -10 ndi zilembo zikuluzikulu. Sindinawerenge timalemba tating'ono. Ma sleeping bag abwino amalembapo manambala atatu, comfort, limit ndi extreme, ndipo ya extreme ija tanthauzo lake ndi loti mwina sufa, osati ugona tulo. Yangayo -10 inali extreme. Nambala yoyang'ana pogula ndi ya comfort. Chowawa kwambiri ndi choti zambiri mwa izi, jekete la nthenga, sleeping bag yeniyeni, ndodo zoyendera, zimabwerekedwa pa lendi ku Moshi konko, tauni ya m'munsi mwa phirili. Safunsa adadya phula.

Tinapita mu August, nyengo yopanda mvula yambiri, pamenepo pokha tinachita bwino chifukwa mvula yaikulu kumeneko imagwa kuyambira March mpaka May ndipo ina yocheperako cha mu November. Pa Marangu Gate tinachedwa pafupifupi maola atatu, kulembetsa mayina, kudikira ma permit, kuyeza katundu wa anyamata pa sikelo. Mabotolo a madzi apulasitiki ogula aja anatiuza tisiye pompo, saloledwa m'phirimo, ndipo majumbo apulasitiki Tanzania yonse inaletsa kuyambira 2019, nde zinthu zomwe ndinakulunga m'majumbo kuopa mvula ndinachita kumasula. Mwayi gaidi wathu anali ndi botolo lina lolimba lomwe anandibwereka.

Tsiku loyamba ndi la nkhalango, makilomita pafupifupi 8 kuchoka pa geti pamtunda wa mamita 1,800 ndi kena mpaka Mandara Hut pa mamita 2,700. Kukongola kwake musanene, mitengo italiitali yolendewera ndere, anyani akuda ndi oyera aja a colobus akulumpha m'mwamba. Gaidi ankayenda ngati akuperekeza maliro, akungoti "pole pole, kaka, pole pole," ine zikundinyansa, moti kangapo ndinamupitirira n'kukamudikira kutsogolo ndikujambula. Anangondiyang'ana osanena kanthu. Pofika pa Mandara T-shirt yanga inali itanyowa chuu ndi thukuta, ndipo dzuwa litangolowa ndinayamba kunjenjemera. Thonje limamwa thukuta n'kulisunga, siliuma msanga, nde ukangoima limakuziziritsa. Chovala chokhudza khungu chimafunika cha ubweya wa nkhosa kapena cha polyester, pamwamba pake fleece, kenako chotchinga mphepo ndi mvula, zoti uzitha kuvula kapena kuwonjezera chimodzichimodzi. Ine ndinali ndi zinthu ziwiri zokha, kutentha kwambiri mu jekete lija kapena kuzizidwa ndikalivula. Chidendene chakumanja chinali chitayamba kutentha koma ndinati zizolowera.

Sizinazolowere. Tsiku lachiwiri, makilomita pafupifupi 12 kupita ku Horombo pa mamita 3,700, nkhalango inatha tinalowa m'tchire lalifupi momwe muli zomera zachilendo zija zooneka ngati anthu aima ndi zipewa, ndipo pofika masana matuza anali atatuluka zidendene zonse ziwiri, lina linaphulika. Gaidi ataona mmene ndikutsimphinira anandikhazika pamwala n'kundivula yekha mabuti, anapukusa mutu n'kumata pulasitala. Anandiuza kuti pamalo pakangoyamba kutentha umaima nthawi yomweyo n'kumata tepi lisanatuluke thuza, osati kudikira. Komanso mabuti umayamba kuyenda nawo miyezi iwiri kapena itatu ulendo usanafike, kukwera nawo zitunda ndi kutsika, ndipo uzigula okulirapo pang'ono, woyesa utavala sokosi yochindikala yomwe ukavale kuphiriko, kuti zala zikhale ndi malo kutsogolo.

Usiku wa pa Horombo ndi pomwe mutu unayamba. Osati kwambiri, kumangogunda chapamphumi, chakudya osachifuna, tulo osabwera, ndikangoti ndigone ndimadzidzimuka ngati mpweya wandithawa. Madzulo aliwonse gaidi ankatiika kakamakina pa chala koyeza okosijeni m'magazi ndi kugunda kwa mtima, kenako n'kufunsa ngati mutu ukupweteka, ngati pali mseru, ngati tadya bwino. Ine ndinati ndili bwinobwino. Ndinanama dala, kuopa kuti andiuza tikhale tsiku lina pomwe ndine ndinakana, kapena andibweza. Gaidi atatuluka mlamu anandinong'oneza kuti "alamu, nkhope yanuyi siili bwino, muuzeni munthuyu," ndinamuyankha mwaukali kuti ndi kutopa chabe. Paja amati mbewa ya manyazi idafera kuuna. M'mawa mwake tinaona anzathu ena omwe tinanyamuka nawo pa geti akupita chokwera ku Zebra Rocks, cha pa mamita 4,000, opanda katundu, kukangoyenda n'kubwerera kudzagonanso pa Horombo. Limenelo ndi tsiku lija ndinakana.

Zomwe ndikanakonda kudziwa kale ndi izi. Ukamakwera mpweya umapepuka, moti pamwamba pa phirili kupuma kamodzi kumakupatsa pafupifupi theka la okosijeni yemwe umapeza m'mbali mwa nyanja yamchere. Thupi limatha kuzolowera koma limafuna masiku, ndipo mphamvu zothamanga sizithandiza pamenepa, mwinanso zimapusitsa chifukwa wamphamvu ndi amene amakwera mothamanga. Madokotala a zam'mapiri amalangiza kuti ukapitirira mamita 3,000 malo ogona asamakwere kuposa mamita 500 pa usiku umodzi, ndipo pakapita masiku atatu kapena anayi uzipumulako. Marangu ya masiku 5 imakukweza mamita 1,000 usiku uliwonse, 2,700 kenako 3,700 kenako 4,700. Nde njira yomwe miyendo imaiona ngati yosavuta ndi yomwe mapapo ndi mutu zimavutika nayo kwambiri.

Tsiku lachitatu tinadutsa malo otsiriza otungapo madzi n'kulowa pa Saddle, chipululu chapakati pa nsonga ziwiri za phirili, Mawenzi ndi Kibo, popanda mtengo olo umodzi, fumbi ndi miyala ndi mphepo basi. Kibo Hut umaiona patali ngati wafika koma kuyenda maola osafika. Dzuwa la kumeneko limaotcha ngakhale kukuzizira, ine sindinadzole mafuta oteteza ku dzuwa, milomo inang'ambika mphuno n'kusupuka, bola magalasi akuda ndinali nawo. Apa pole pole uja sindinkachitanso kuuzidwa. Tinafika pa Kibo chakumasana mutu ukung'amba, supu ndinangomwa masipuni atatu, ndipo nditapita kuchimbudzi ndinasanza mwakachetechete n'kubwerera ngati palibe chachitika. Nambala ya pa kamakina kaja inali itatsika kuposa ya mlamu, gaidi anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali n'kufunsanso za mutu, ndinati pang'ono pokha. Mu sleeping bag yanga ya -10 ija ndinagona nditavala chilichonse chomwe ndinali nacho ndipo mano ankangogundana.

Anatidzutsa cha m'ma 11 usiku, kunyamuka pakati pa usiku. Kuchoka pa Kibo kukafika pa Uhuru ndi chitunda cha mamita pafupifupi 1,200, ndipo gawo lalikulu mpaka pa Gilman's Point, m'mphepete mwa chigwa cha pamwamba, ndi timiyala totayirira, ukaponda phazi limabwerera m'mbuyo theka. Pasanathe maola awiri kapaipi komwera ka thumba langa la madzi la kumsana kanauma ndi ayezi, kuyamwa osatuluka kanthu. Sindinkadziwa kuti ukamwa umauzira mpweya kuti madzi abwerere m'thumba, ndiponso kuti usiku umenewu bola botolo lapakamwa papakulu, kuthiramo madzi ofunda, kuliveka sokosi n'kuliika chozondoka chifukwa madzi amayamba kuundana pamwamba. Tochi yanga ya pamutu inayamba kuzilala, mabatire otchipa amafa msanga pozizira, ndipo ena osinthira ndinawasiya mu chikwama chachikulu pa Kibo mmalo mowaika m'thumba la mkati pafupi ndi thupi. Magolovesi anali opyapyala a zala, zala zake sindinkazimvanso, gaidi wachiwiri anavula ake aakulu opanda zala aja n'kundiveka, iye n'kupisa manja m'thumba. Mpaka lero ndikakumbukira zimenezi manyazi amandigwira.

Tinapumula pa Hans Meyer Cave, cha pa mamita 5,150, phanga lomwe linatchulidwa dzina la Mjeremani yemwe pamodzi ndi Ludwig Purtscheller anafika pamwamba pa phirili mu 1889. Ndinasanzanso, ulendo uno pamaso pa onse. Titanyamuka ndinayamba kudzandira ngati ndaledzera, ndikufuna kuponda apa phazi likupita apo, ndipo akuti mlamu anandifunsa kanthu ine n'kuyankha zosagwirizana, zimenezo sindikuzikumbuka. Gaidi anatiimitsa pamalo pena pafulatiko, anajambula mzere ndi ndodo yake n'kundiuza ndiyende pamzerepo chidendene chikugunda chala cha phazi linalo. Masitepe atatu ndinapepesuka, anachita kundigwira. Sanafunsenso maganizo anga, anangoti "kaka, tikutsika, pompano." Ndinayesa kuchonderera kuti ndipume kaye mphindi khumi, anakana. Kudzandira ndi kusokonekera mutu pamtunda ngati umenewo ndi chizindikiro choti ubongo wayamba kutupa, chomwe amachitcha HACE, ndipo china choopsa chimodzimodzi ndi HAPE, madzi kudzaza m'mapapo, munthu amabanika ngakhale atakhala pansi n'kumatsokomola. Zonse ziwiri zimapha ndipo mankhwala ake oyamba ndi kutsika, osati kupuma pomwepo.

Mlamu anafuna kubwerera nane, ndinamuuza kuti "alamu pitani, musataye ndalama zanu chifukwa cha ine," anatsala ndi gaidi wachiwiri uja wopanda magolovesi mpaka ndinachita kumubwezera magolovesi akewo. Ine ndi gaidi wamkulu tinatsika atandikolowekera mkono paphewa, ndikulira ndithu, misozi ya mkwiyo wodzikwiyira ndekha. Pa Kibo sanandilole kugona, anandipatsa okosijeni wa m'botolo kwa kanthawi kenako anandikweza pa machira a tayala limodzi aja, anyamata anayi akukankha ndi kugwirizira, kugwedezeka kwake ngati mafupa athothoka, mpaka chapakati pa Saddle pomwe ndinati ndikhoza kuyenda. Chodabwitsa ndi choti pofika pa Horombo, mamita 1,500 pansi pa pomwe ndinabwerera, mutu unali utapepuka, nzeru zabwerera, njala yayamba. Mlamu anafika madzulo ali fumbi lokhalokha, iye anakafika pa Gilman's Point pa mamita pafupifupi 5,685 n'kubwerera pomwepo miyendo itakana.

Tsiku lomaliza ndi makilomita pafupifupi 20 otsika okhaokha kukafika pa geti, ndipo apa mabuti aja anandimaliza. Zala zinkagunda kutsogolo sitepe iliyonse, zikhadabo sindinawenge, ndodo zoyendera ndinalibe, maondo akunjenjemera. Pa geti mlamu analandira setifiketi yake ya Gilman's, ine ndinangosaina m'buku. Panalinso nkhani ya tipi ya gaidi, wophika ndi anyamata, yomwe sitinaiike bwino pa bajeti chonsecho kumeneko ndi chinthu choyembekezeka ndipo ndi gawo lalikulu la malipiro awo, nde poganizira anthu omwe anandikankha pa machira ndinapereka zonse zomwe zinatsala m'thumba kuphatikiza jekete lodula lija. Ku Moshi ndinakaonana ndi dokotala, ndinalipira ndekha chifukwa inshulansi yanga ya ulendo, nditawerenga bwino, sinkakhudza kukwera mapiri aatali choncho. Yofunika ndi yolemba poyera kuti imafika mamita 6,000. Tinakhalanso masiku awiri owonjezera pa hotela ndisanaloledwe kuyenda, tikiti yobwerera kusintha ndi ndalama zina. Nditawonkhetsa zonse, zinapitirira kutali mtengo wa tsiku lija la pa Horombo. Zikhadabo ziwiri za zala zazikulu zinada bii n'kuthothoka patatha mwezi, kumera kwake kunatenga pafupifupi chaka.

Patadutsa zaka ziwiri ndinabwererako, ndekha ulendo uno, mlamu anati zake zinakwana. Ndinasankha Lemosho ya masiku 8, yoyambira kumadzulo, yogona mu tenti. Inadula kwambiri kuposa poyamba, ndinasunga ndalama nthawi yaitali, koma pa zovala ndinaononga zochepa, jekete la nthenga, sleeping bag ndi ndodo ndinatenga za lendi, ndinangogula zovala zamkati za ubweya, masokosi abwino, magolovesi aakulu ndi mabuti okulirapo omwe ndinayenda nawo miyezi inayi ndisanapite. Ndinakaonananso ndi dokotala pa nkhani ya mankhwala a Diamox othandiza thupi kuzolowera kumtunda, anandilembera ndipo ndinayesa kumwa ndili kunyumba kaye kuti ndione mmene thupi liulandirire, umachititsa dzanzi m'zala ndi kukodza pafupipafupi, ndipo anandichenjeza kuti umangothandizira kuzolowera, suchotsa kufunika kokwera pang'onopang'ono. Ubwino wa Lemosho ndi woti pali tsiku lomwe umakwera mpaka Lava Tower pa mamita 4,600 n'kutsikanso kukagona ku Barranco pansi pa mamita 4,000, thupi limalawa kumtunda kenako n'kukapuma kumunsi. Pa Lava Tower mutu unandipweteka, ndipo ulendo uno ndinamuuza gaidi nthawi yomweyo asanafunse n'komwe, anati ndimwe madzi tiyang'anire, pofika ku Barranco unali utasiya. Barranco Wall yomwe ndinkaiopa pa zithunzi ndi yongogwira miyala ndi manja apa ndi apo, chovuta ndi mzere wa anthu basi.

Usiku wokwera tinanyamukira pa Barafu, malo ogona otsiriza, botolo lili chozondoka mu sokosi, mabatire ali m'thumba la pachifuwa. Zinali zowawabe, musanamizidwe, kupuma katatu sitepe imodzi, koma ndinkadziwa dzina langa ndi komwe ndili. Dzuwa linatuluka kuseri kwa Mawenzi tikuyandikira Stella Point pa mamita 5,756, ndipo patatha pafupifupi ola limodzi ndinagwira chikwangwani chija. Foni inali itazima ndi kuzizira, chithunzi anandijambula ndi gaidi pa foni yake n'kudzanditumizira titatsikira ku Mweka. Ndinachitumiza kwa mlamu osalembapo kanthu, iye anayankha kuti "nde zikhadabo zilipo zonse alamu?" Ndinavula masokosi n'kumujambulira zonse khumi.